Kufunafuna posambitsira agalu: masiku khumi a ku Harare

Loweruka, 20 Seputembala, Beitbridge

Ndikulemba nditakhalira chikwama changa kunja kwa basi, cha m'ma 3 koloko m'bandakucha. Tafika pa boda 11 koloko usiku, mpaka pano katundu akadali mbwee pansi. Mbali ya Zimbabwe anaimanga mwatsopano, ikuwala ngati bwalo la ndege, koma ngolo imene basi yathu ikukoka yadzaza mafiriji, mabedi, matumba a anyezi ndi zigubu za mafuta ophikira, ndipo chilichonse chiyenera kutsika kenako n'kukweranso. Changa n'chikwama chimodzi basi. Mayi wina amene wakhala pafupi nane kuchokera ku Johannesburg wandiyang'ana kawiri, ndiye wafunsa ngati ndikupita kumaliro. Munthu wochokera ku Joni ndi kachikwama kamodzi, chingakhale chiyaninso?

Ndamuuza zoona, kuti ndikukafuna malo osambitsirapo agalu. Waseka mpaka chifuwa, kenaka wanditsanulira tiyi wa m'fulasiki yake n'kundibenthulirako mbatata yophika.

Ndinachoka ku Harare mu 2008, chaka chija ndalama inkatha mphamvu munthu uli pamzere wa buledi. Ku Randburg, dera la mu Johannesburg, ndinayamba ndi kusesa ubweya pansi m'nyumba yometeramo agalu, ndipo patapita zaka ndi ine ndinkagwira sizasi, ena akusesa. Chitupa chathu cha ZEP, chololeza anthu a ku Zimbabwe kukhala ndi kugwira ntchito ku Joni, amangochiwonjezera pang'onopang'ono, ndipo ndatopa kukhala ngati mlendo amene nsapato wazisiya pakhomo. Ndili ndi kandalama kokwana chaka chimodzi ndikadya mosamala. Ndikufuna zinthu ziwiri: poti ndizisambitsira ndi kumeta agalu, ndi poti ndiziyenda wapansi Loweruka popanda kuona mpanda wa magetsi. Chachiwirichi n'cha ku Dedza. Ndinabadwira ku Mabvuku, lokeshoni ya ku Harare, koma sukulu ndinaphunzirira kwa agogo, kumene phiri limayambira kuseri kwa khitchini, ndipo miyendo yanga sinaiwale.

Kagalu kanga, Dekhani, ndakasiya kwa mnzanga. Ndi ka Jack Russell, ndipo dzinalo silinagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Lamlungu, 21 Seputembala, Mabvuku

Dzulo lonse linathera mumsewu: Masvingo, Mvuma, Chivhu, Beatrice, makilomita pafupifupi 580. Msewu ambiri mwake ndi wosalala tsopano, ndinagona kukamwa kuli yasa. Pa Mbudzi, polowera mu Harare, pamene kale pankakhala chisokonezo cha magalimoto ndi ogulitsa, pali milatho yopingasana yotchedwa Trabablas, yotsegulidwa mwezi wa Meyi chaka chino cha 2025. Sindinapazindikire n'komwe. Msuweni wanga anadzanditenga ndi ka Honda Fit kake, ndipo m'tauni majakaranda ayamba kumene kuchita maluwa.

Azakhali akalamba koma pakamwa ndi pomwe paja. Atandipatsa moni, atafunsa za ulendo, anakhala chete kaye n'kuti, "Ndiye Naphiri, zaka zonsezi ku Joni unkaphunzira kusambitsa galu?" Ndinati eya azakhali. "Ndi sopo?" Ndinati ndi shampu. Anaitana aneba kuti adzamve okha.

Nkhani yeniyeni ndaiona m'mawa uno. Mpopi wa panja unauma kalekale, mpaka mavu amangamo. Madzi amakatunga ku mjigo, kuno amati chibhorani, ndipo mzere wa zigubu umayamba kusanache. Ndinapita nawo ndi wilibala. Ndili pamzerepo ndinayamba kuwerengera m'mutu. Galu wamkulu waubweya wambiri amatha malita 40 kapena 60, kumunyowetsa, kumupaka kawiri, kumutsukuluza mpaka madzi ayere. Ndiye kuti zigubu ziwiri kapena zitatu. Nyumba yonse ya azakhali, anthu asanu, imadutsa tsiku ndi madzi a agalu awiri. Ndinachita manyazi ngati wina wamva zimene ndikuganiza.

Mabvuku ndiye ayi. Koma ndakondwa kugonamo. Madzulo mumsewu mukumveka Chichewa, Chiyao, Chisena ndi Chishona zitasakanizika, monga mmene ndinazisiyira. Malokeshoni awiriwa, Mabvuku ndi Tafara, anadzaza makhukhi ndi osamalira maluwa a ku Highlands ndi Greendale, ndi antchito a pa fakitale ya simenti, ambiri mwa iwo ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique. Agogo aamuna anabwera pa lole ya Ulere, ija inkanyamula anthu ofuna ntchito osalipiritsa. Bambo anga anaphikira banja limodzi ku Highlands mpaka imvi. Chitupa changa chakale chinali cholembedwa kuti ndine mlendo, ngakhale mchombo wanga uli konkuno. Malamulo a dziko a 2013 ndiwo anatizindikira ife obadwira muno, makolo athu ali ochokera m'maiko a SADC. Popanda zimenezo ulendo uno sindikanauyamba.

Lolemba, 22 Seputembala, Borrowdale ndi Greendale

Kombi yopita ku Fourth Street ndi dola imodzi ya ku America m'mawa. Yachiwiri inali masenti 50, ndipo pamenepo ndi pamene ndinakwatiwa. Woitanira, hwindi, analibe chenji, ndiye anatenga dola imodzi n'kutipatsa anthu awiri, ine ndi mnyamata wina wa tayi, kuti tikagawane tokha. Kuno amati kuchatisa, kukwatitsa. Ndalama yatsopano ya Zimbabwe, ZiG, inabwera mu Epulo 2024 koma tinthu ta chenji n'tosowa. Ine ndi mwamuna wanga watsopanoyo tinagula nthochi za dola, n'kugawana, banja n'kutha mwamtendere.

Ku Sam Levy's Village, malo a masitolo a ku Borrowdale, ndinangozungulira ngati wakuba, kuyang'ana mitengo ya chakudya cha agalu ndi timapepala tomata pakhoma. Ndalama ya agalu ili kuno, zimenezo zilibe mtsutso. Koma ometa aliponso kale, ena ndi magalimoto awo olembedwa bwino m'mbali. Dobadoba wina anandionetsa kanyumba ka kuseri kwa nyumba yaikulu, madola 600 pamwezi. Ndinati ndiganize kaye, ndipo tonse awiri tinadziwa kuti kuganiza kwatha. Ku Greendale china chinali 400, koma mwini wake atamva za agalu a anthu ena kulowa pageti nkhope inasintha. Sindimuda. Pali malamulo a chiwerengero cha agalu paploti, pali laisensi ya galu aliyense, ndipo kuchita bizinesi pamalo okhala anthu kumafuna chilolezo chapadera, aneba nawo atavomera.

Ndinatuluka ndili lefu, chidendene chatupa. Ndikuyenda m'mbali mwa msewu wina wa mitengo ikuluikulu ndinamva kumbuyo kwanga, "Iwe! Khala pansi, usandichititse manyazi!" Ndinatembenuka. Bambo wachikulire wa ovolosi yobiriwira, ali ndi agalu awiri a ridgeback, aja a mzera wa ubweya wobwerera m'mbuyo pamsana, mtundu umene malamulo a maonekedwe ake analembedwa ku Bulawayo mu 1922. Galuyo anakhaladi pansi.

Ndinati, "Mwaswera bwanji, bambo? Galuyu amamva Chichewa?"

"Kuposa adzukulu anga," iwo anatero.

Tinakhala pamwala theka la ola. Amakhala ku Tafara, bambo awo anachokera kwa Kachindamoto, iwo ku Malawi anapitako kamodzi kokha, kumaliro. Panyumba imeneyo agwirapo zaka 26. Nditafotokoza zanga sanaseke. Anati, "Mayi, mukufunsa anthu olakwika. Mabwana amagula galu, koma eni ake a agalu a kuno ndife. Amamudyetsa ndani? Amamuchotsa nkhupakupa ndani? Galu akasiya kudya, woyamba kudziwa ndi ine, madamu amamva kwa ine." Anatukula mlomo wa galu mmodzi kundionetsa nkhama. Anati zikayera ngati pepala ndiye kuti ndi biliary, matenda a nkhupakupa aja, ndipo ukachedwa masiku awiri wakwirira. Zimenezi ndimazidziwa, koma ndinawasiya anene, chifukwa amazinena bwino kuposa mmene ndinaziphunzirira ine. Anawonjeza za ntchentche ya nthawi ya dzinja imene imaikira mazira padothi lonyowa ndi pansanza, mphutsi n'kumakulira m'khungu la galu. Azungu a kuno amangoti putsi. Ndikuganiza kuti ndi mawu athu omwewa, anangowadula mutu.

Tinapatsana manambala. Yawo anachita kuiwerenga kuchokera pakapepala kamene kanali m'chipewa.

Lachiwiri, 23 Seputembala, Domboshava

Lero ndinadziuza kuti ndikupita kukaona malo a bizinesi. Linali bodza. Ndimafuna phiri.

Ndi makilomita pafupifupi 30 kumpoto. Ukadutsa Borrowdale mipanda imafupika, ukadutsa Hatcliffe imatheratu, kenaka ndi madimba a tomato, mabokosi atasanjidwa m'mbali mwa msewu kudikira lole ya kumsika wa ku Mbare. Kombi inadzaza mpaka ndinanyamula mwana wa eni pamiyendo, iye atanyamula nkhuku. Nditatsika ndinagula tomato mulu wa dola woti ku Randburg ndikanalipira kanayi, ndinadya awiri ngati mapichesi.

Pageti umalipira kandalama, chifukwa malowa ali m'manja mwa a zosungirako zinthu zakale. Ukatero mwala ndi wako. Si phiri la mitengo ngati la Dedza. Ndi thanthwe limodzi lalikulu ngati msana wa njovu, lopakika ndere zofiira, zachikasu ndi zobiriwira, ndiye chifukwa cha dzina lake, mwala wofiira. Njira ndi mivi yojambula ndi penti pathanthwepo. Ndinayamba mothamanga ngati mtsikana, patatha mphindi khumi mtima unali kukhosi. Zaka zonsezi zoimirira patebulo lometera zimalimbitsa mapewa, osati mpweya.

M'phanga muli zojambula za akafula a kuno, nyama ndi anthu a mauta, zonga zija za ku Chongoni kwathu ku Dedza, ngakhale kuti zathu zambiri ndi mizere ndi madontho. Sindinakhalitsemo. Chimene ndinadzera chinali pamwamba. Mphepo yake ndi yoti ikuvule duku. Pansi ponse mitengo ya msasa yatulutsa masamba atsopano, ena ofiira ngati magazi, ena ngati mkuwa, ena ayamba kale kubiriwira, ndipo patali pakuoneka Ngomakurira, phiri lina lija amati ng'oma zimalira. Ndinavula nsapato. Thanthwe linali lofunda ngati msana wa galu wogona padzuwa. Ndinalira pang'ono, chifukwa chake sindikuchidziwa bwino. Mwina n'chifukwa panalibe wondiyang'ana.

Ndili pomwepo ndinamanga nyumba yonse m'mutu: makola asanu ndi atatu, thanki, kamunda ka chinangwa, Dekhani akuthamangitsa abuluzi. Ndiye pamene ndinachedwera. Potsika dzuwa linali litapendeka, mivi ija sinkaonekanso bwino, ndipo ndinapezeka pamalo pamene thanthwe limangopindika n'kulowa pansi osaona pothera. Miyendo inayamba kunjenjemera. Ndinakhala pansi n'kumadzikhwekhwereza ndi matako, siketi yonse kuthera pomwepo. Ndinaganiza zoti azakhali ndawauza kuti ndili ku Borrowdale, ndipo akanakandifuna kumeneko.

Anandipulumutsa ndi kamnyamata ka mbuzi, ka zaka mwina khumi. Kanaimba likhweru, n'kundilozera ndi ndodo kuti ndibwerere kumanzere. Sikanalankhule kanthu njira yonse, kamangoima n'kumandidikira monga kachitira ndi mbuzi yotsimphina. Agalu ake atatu anali patsogolo, owonda, makutu ali njo, nthiti zowerengeka koma maso amoyo. Ndinawayang'ana ndi maso a ntchito: nkhupakupa m'makutu, mmodzi mphere pachigongono. Palibe amene angandipatse madola 20 kuti ndisambitse agalu amenewa, ndipo kunena zoona shampu sakuisowa. Akusowa dibi ndi katemera wa chiwewe.

Amayi ake anandipatsa maheu m'kapu ya pulasitiki, thobwa la kuno, lowawasa bwino. Chishona changa chachita dzimbiri koma tinamvana. Mwamuna wina amene anali pomwepo atamva kuti ndikufuna malo anati akhoza kundifikitsa kwa sabhuku, nyakwawa, ndipo ndi madola 2,500 ndipeza ploti yaikulu moyang'anana ndi thanthwe. Mtima unadumpha. Atachoka, mayi uja anapukusa mutu. Malo a kumudzi sagulitsidwa mwalamulo, palibe chikalata chaumwini, ndipo anthu ena anagwetseredwa nyumba atamanga kale. Anandiuza zimenezi akutsuka kapu, osandiyang'ana.

Makombi anali atatha. Ndinakwera lole ya tomato, kutsogolo, pakati pa dalaivala ndi agogo ena amene anagona paphewa panga mpaka ku Hatcliffe. Dalaivala anakana ndalama. Msuweni anadzanditenga pamenepo, akukalipa njira yonse.

Lachitatu, 24 Seputembala

Sindinatuluke. Ntchafu zikuwawa ngati andimenya ndi musi. Magetsi anazima 5 koloko m'mawa, abwera 10 usiku. Ndakhala ndi kope kuwerengera: makina owumitsira ubweya amadya mawatsi oposa 2,000, kasola kapadenga sikangakwanitse, ndiye pakufunika jenereta ndi petulo wake. Azakhali akuti, "Dzuwa lonseli? Ungomuyanika galuyo." Ndinaseka, koma kwa agalu a ubweya waufupi akunena zoona.

Lachinayi, 25 Seputembala, Norton ndi Chivero

Makilomita 40 kumadzulo, msewu wa ku Bulawayo, kudutsa Kuwadzana. Ndinali ndi chiyembekezo chachikulu ndi Norton, chifukwa ili pakati pa madamu awiri, Chivero ndi Manyame, ndipo ndinkadziona ndikuwedza Lamlungu masana.

Ndinatsikira panjira yolowera ku Chivero n'kukwera kagalimoto kena mpaka kugombe. Damuli analimanga mu 1952 pamtsinje wa Manyame, kale linkatchedwa McIlwaine, ndipo ndi limene Harare imamwa. Vuto n'lakuti lili kumunsi kwa mzinda womwewo, ndiye zonyansa za mzinda zimatsikira momwemo. Namasupuni wadzaza m'mphepete ngati ku Shire, ndipo pamene pali poyera madzi ndi obiriwira ngati penti chifukwa cha ndere. Mu Disembala 2024 zipembere zinayi za m'paki ya pompano zinafa zitamwa madzi amenewa, pamodzi ndi mbidzi ndi nyama zina. Ndere za mtundu umenewo galu akamwa, kapena kungonyambita ubweya atasambira, amatha kufa tsiku lomwelo. Dekhani ukamumasula chingwe pafupi ndi madzi, ndiye kuti walowa kale. Ndipo mbali ya paki agalu saloledwa n'komwe. Ndinaima mphindi zochepa, fungo linandibweza.

Norton yeniyeniyo ndinaikonda. Pa Katanga ndinadya nsima ndi nsomba yokazinga yonga chambo, madola awiri, mayi wogulitsa atalumbira kuti si ya m'Chivero. Ndinasankha kumukhulupirira. Nditati zikomo mosaganiza, iye anati, "Aa, ndinu a kwathu?" Amachokera ku Lydiate, mudzi wa m'mbali mwa tauniyi umene munadzaza ana ndi adzukulu a anthu a ku Malawi amene ankagwira ntchito m'mafamu. Akuti gule amatuluka ndithu, ndidzabwere pakakhala mwambo. Anandiwonjezera mutu wa nsomba.

Mlongo wake anandiperekeza ku Knowe kukaona nyumba: zipinda zitatu, bwalo loti mpira n'kuseweredwa, mitengo ya mango, chitsime chosaphwa, madola 300. Malo oterewa ndi osungira agalu eni ake akapita kutchuthi, Khirisimasi ndi Pasaka makola amadzaza. Koma miyezi inayo? Ndipo madamu wa ku Chisipite sangadutse m'tauni yonse, n'kuwonjezera makilomita 40, kudzasiya kagalu kake kwa munthu amene sakumudziwa. Ndiyenera kumakawatenga ndekha, ndipo galimoto ndilibe. Ndinayang'ana mitengo ya mango ija nthawi yaitali kuposa mmene zimafunikira.

Pobwerera kombi inaphulika tayala pafupi ndi Snake Park. Ola lathunthu padzuwa. Wina anagawa nzimbe.

Lachisanu, 26 Seputembala, Ruwa

Kuno n'kufupi, msewu wa ku Mutare, kombi imodzi. Ku Zimre Park ndi Damofalls nyumba zambiri ndi za anthu amene ali ku UK ndi ku Joni, zomangidwa ndi ndalama zotumiza, muli wachibale mmodzi ndi chigalu cha mtundu wa boerboel kuseri kwa geti. Ndinayenda misewu inayi ndikuwerenga mwa kuuwa: geti lililonse lachitatu. Agalu amenewa safuna riboni pamutu. Koma ndinasuzumira pampata wa geti lina n'kuona zikhadabo zitakula mpaka kupindikira, galu akuyenda ngati wavala nsapato za eni. Msuweni wa mwini nyumba amamuopa, amangomuponyera nsima patali. Ndinalemba m'kope: kuwenga zikhadabo, dibi, kutsuka makutu, kukumbutsa za katemera, n'kutumiza chithunzi pa WhatsApp kwa mwini wake ku Leeds kuti aone kuti galu ali moyo. Ameneyo angalipire mosanyinyirika. Ku Randburg ntchito yotere tinkaiona ngati yapansi.

Nyumba imene ndinakaona inali yabwino, 280. Landilodi ndi mayi woona mtima mopweteka. Ananditengera pachitsime, natola kamwala, n'kukaponya. Tinadikira. Kanamveka kugwera pamatope. Anati pofika pakati pa Okutobala amagula madzi a m'galimoto, malita 5,000 pa madola 50, mpaka mvula itagwa. Ndinawathokoza kawiri, kachiwiriko chifukwa cha kamwalako.

Loweruka ndinachapa ndi kugona. Ndinaimbira mnzanga ku Joni kuti andionetse Dekhani pafoni. Anali kudya silipasi.

Lamlungu, 28 Seputembala, Mukuvisi ndi kutchalitchi

Ndinalawirira ku Mukuvisi Woodlands, nkhalango ya mahekitala 263 imene inatsala pakati pa mzinda. Anthu amayenda ndi kuthamanga Lamlungu m'mawa, ena ndi agalu pachingwe. Mbidzi ndi nswala zili kumbali yakeyake ya mpanda. Phokoso la magalimoto limamveka, koma pansi ndi mchenga ndi masamba, ndipo mapazi anga anakhutira. Ndinawerenga agalu 14, asanu mwa iwo ofunika sizasi mwamsanga.

Ndinafika ku CCAP mochedwa, fumbi lili m'miyendo, azakhali anandiyang'ana ndi diso lija. Nyimbo ndi zomwe zija za m'buku lathu, mawu a amayi achikulire akukoka pang'onopang'ono ngati ku Nkhoma. Ulaliki unasakaniza Chichewa ndi Chishona kuti achinyamata asagone.

Titatuluka ndinamva wina akundikodola. Bambo a ridgeback aja, lero ali mu jekete ndi tayi, sindikanawazindikira. Kani amapemphera pomwepa, ndipo azakhali amawadziwa kuyambira kale. Sanataye nthawi. Anaitana uyu, naitana uyo, pansi pa mtengo panasonkhana anthu khumi ndi mmodzi, osamalira maluwa, ophika, olera ana. Aliyense anayamba kutchula: kwathu alipo awiri, kwathu atatu ndi mphaka, kwathu ka Maltese kamene maso sakuonekanso ndi ubweya, madamu amadandaula tsiku lililonse kuti wometa amachedwa. Ndinkalemba pachikuto cha buku la nyimbo. Agalu 23, pafupifupi onse ku Greendale, Highlands ndi Chisipite. Mayi wina anafunsa mosabisa kuti iye apezapo chiyani akandilowetsa pageti. Ndinati madola awiri pa galu aliyense, ulendo uliwonse. Onse anavomera ndi mutu, zinaoneka kuti funsolo linali la onse.

Azakhali anali chapatali, manja kumbuyo. Tikupita kunyumba anati, "Bambo ako ankalowera geti lakumbuyo, iwenso ukalowera lomwelo." Sindinadziwe ngati akundinyoza kapena ayi. Kenaka anawonjeza, "Koma iwe uzikatchula wekha mtengo."

Lolemba, 29 Seputembala, Greendale chakumapeto

Mayi wa funso uja ndiye anandiimbira 6 koloko m'mawa. Kumene amagwira ntchito, chakufupi ndi Arcturus Road, kuli gogo wamasiye, ana ake onse ali kunja, ndipo boyizikota ili chitsekere chaka chathunthu. Msewu umenewu ndi womwe umatsikira ku Tafara, bambo anga ankaupalasa panjinga m'mawa uliwonse.

Chipinda chimodzi ndi kakhitchini, denga lodontha pakona, chitseko chofuna loko watsopano. Ndisanaone bwino chipindacho ndinapempha kuona madzi. Gogoyo anaseka, nanditengera kuseri: mjigo wa pampu ya sola, thanki ya malita 5,000 pamwamba pa nsanja. Anati chiukumbireni sunaphwepo, ngakhale chilala cha chaka chatha. Ndinatsegula mpopi n'kuusiya ukuthira m'ndowa, ndikuyang'ana wotchi. Masekondi 50 ndowa yadzaza. Pambali pali galaja yakale ya simenti pansi, yotsetserekera ku kangalande. Ndinagwada kuyeza ndi chingwe cha nsapato ngati tebulo langa lingakwane. Likwana.

Lendi 250, kuphatikizapo kusambitsa agalu ake awiri sabata iliyonse, okalamba ngati mwini wake, mmodzi wakhungu. Koma ananena mosapsatira kuti agalu a eni asalowe pageti mpaka nditapeza chilolezo ndi kulankhula ndi aneba. Pakali pano ndiziyendera makasitomala kwawo, madzi awo, magetsi awo. Jenereta ija yayamba yadikira. Chofunika tsopano ndi njinga ya kaliyala yolimba.

Ndisanayankhe ndinapempha maola awiri. Ndinakwera kombi kupita ku Cleveland Dam, damu laling'ono la 1913 limene linkamwetsa mzinda usanakule, pamene mtsinje wa Mukuvisi umayambira. Pali miyala ikuluikulu yosanjikizana, msasa, udzu wouma, anyamata awiri ndi mbedza zawo. Si Domboshava. Palibe mphepo yovula duku, ndipo kuseri kwa mitengo mafakitale a ku Msasa akuoneka. Ndinazungulira mpaka thukuta, ndinakwera mwala umodzi wautali ngati nyumba, n'kukhala pamwamba pake kudya tomato womaliza wa Lachiwiri lija, atafewa kale. Domboshava ndi makombi awiri kuchokera pano. Kamodzi pamwezi ndingakwanitse, ndipo ndizitsika dzuwa likadali pamutu.

Dipoziti ndapereka 4 koloko. Risiti gogo walemba kuseri kwa envulopu.

Usiku uno, ndikulemba izi ndi tochi ya foni, bambo a ridgeback aimba. Madamu awo avomera, Lachinayi 9 koloko, agalu onse awiri, ndipo mnzawo wa nyumba yoyandikana akufuna aone kaye mmene ndigwirire ntchito asanabweretse ka Maltese kaja. Ndavomera ndisanaganize. Mashini anga ometera, sizasi, chowengera zikhadabo, zonse zili m'katoni pansi pa bedi ku Randburg, ndipo tikiti yanga yobwerera ndi ya Loweruka. Ndili ndi chipeso changa cha m'mutu basi. Azakhali atulutsa bafa lawo la malata lochapira, akuti ndibwereke, koma ndikalibweze lopanda ubweya ngakhale umodzi.